Chikwanje cha Mafumu a ku Mangalande

Ndinanyamuka ku Greenbelt, kuno ku Amereka, 8 koloko m'mawa Loweruka, wapansi ngati mwana wasukulu, poti galimoto yanga anali atalanda amayi ophika. Masana ake, 3 koloko, kunali chinkhoswe cha Tadala, mwana wa mlongo wanga, ndipo nkhoswe yake ndinali ine. Pa zida zopatsa mkamwini, nkhwangwa inalipo, khasu linalipo, chimasowa ndi chikwanje chokha. Mwanayo anandipatsa keyala ya ku Gaithersburg, ati walipira kale pa intaneti, ine ndikangotenga.

Chikwanje mpaka ku Gaithersburg? Sindinafunse. Mutu wanga unali pa Mayi Nachisale, azakhali a mkamwini, amene anali atalengeza kutchalitchi kuti ana obadwira kuno sadziwa mwambo, ndipo adzabwera kudzadzionera okha. Mayi amenewa akaseka munthu, Amalawi a ku Texas amamva dzuwa lisanalowe. Tadala anali atalira kawiri sabata imeneyo.

Sitima inandidya madola awiri ndi theka. Ndinasintha pa Fort Totten n'kukatsika ku Wheaton, kumene masitepe oyenda okha ndi aatali moti munthu ungalape machimo onse usanafike pamwamba. Basi yopita ku Shady Grove inkaima pa mtengo uliwonse, ndipo kumeneko ndinakwera takisi. Pomwe takisi imanditula pakhomo pa wogulitsayo n'kuti 11 koloko itakwana.

Anatsegula mzungu wa ndevu zofika pachifuwa, n'kunditsitsira kuchipinda chapansi. Amayo! Khoma lonse malupanga okhaokha. Anavala magolovesi oyera, n'kutsitsa limodzi mwaulemu ngati wanyamula khanda. Anati ndi lofanizira malupanga a Angelo-Sakisoni, anthu amene ankakhala ku Mangalande zaka zoposa chikwi zapitazo. Wosula anapota zitsulo zingapo pamodzi, n'chifukwa chake pampeni pake pali mizere yonga mafunde. Mafumu awo, ati, ankaikidwa nawo m'manda.

"Nanga limadula chiyani?" ndinafunsa.

"Silidula," anayankha monyadira. "Ndi lobuntha dala. Mukalipachike pakhoma, muzilipaka mafuta, ndipo musaligwire ndi manja, lingachite dzimbiri."

Zabwino zedi. Chida chosadula, chosagwiridwa, chofuna kudzozedwa mafuta. Ndi mmene alili alamu ena amene ndikuwadziwa.

Nditatuluka ndi chikatoni chachitali, ndinaimbira bambo ake a Tadala, a Zulu, munthu wa ku Lusaka.

"Alamu, mwana munamutuma chiyani?"

"Ah mulamu, ine ninamuuza ati akagule panga. Panga chabe, yodulila mitengo!"

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Ku Lusaka chikwanje amati panga. Mwana wa Chichewa cha kutchalitchi anamva lupanga, la Petulo lija lodula khutu, n'kulisaka mpaka kulipeza. Ndinaseka mpaka misozi, kenako manyazi anandigwira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala malume wake, ndipo liwu loti chikwanje silinatulukepo pakamwa panga iye akumva.

Pobwerera ndinatsikanso ku Wheaton. M'sitolo ya zipangizo ndinapeza chikwanje chenicheni cha madola khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo ndinadya pupusa ziwiri, zitumbuwa za anthu a ku El Salvador, ndili chiimire. M'sitima mayi wina anandisiyira mpando n'kufunsa ngati m'katonimo muli gitala. Ndinati eya. Munthu wakuda, lupanga kukhwapa, chikwanje m'chikwama, ukanena zoona ukagona kupolisi.

Ndinafika paholo 3 koloko itatsala pang'ono, nzeru ndili nayo kale: lupanga libisike m'galimoto yanga ija, chikwanje chilowe. Koma Tadala anandithamangira pakhomo, chitenje chili waliwali, nkhope ili ngwee.

"Malume, mwapeza? Ndauza aliyense, ngakhale Anti Nachisale. Lupanga ndagula ndekha!"

Liwu linali litatuluka kale. Ndikanatulutsa chikwanje, holo yonse ikanadziwa kuti malume akukonza zimene mwana walakwitsa. Ndinakankhira chikwama pansi pa tebulo.

Nthawi ya zida itakwana ndinapereka nkhwangwa, ndinapereka khasu, kenako ndinasolola lupanga ndi manja anga osavala magolovesi. Mkamwini analandira ndi manja awiri. Kumbuyo wina anayamba kutsokomola chifuwa chobisira phwete.

"Kwathu ku Ntcheu," ndinatero mokweza, "mkamwini amene tamukhulupirira sitimupatsa chikwanje. Timamupatsa ichi, kuti ateteze mwana wathu."

Bodza loyera ngati ufa. Maso onse anatembenukira kwa Mayi Nachisale. Anaimirira pang'onopang'ono, anakonza duku, n'kuimba nthungululu yoboola denga. Holo yonse inatsatira, ndipo wachifuwa uja anachira pompo.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti mwana amatola liwu limene wapatsidwa, ndipo limene sanapatsidwe amalisula yekha. Ndinali ndikudziyamikira choncho pamzere wa chakudya pamene Mayi Nachisale anandikoka jekete.

"Ine ndinabadwira ku Ntcheu, achimwene, mchombo wanga uli komweko. Mwambo wanuwo ndaumva lero."

Mpunga unandiuma pambale.

"Musaope," anatero chapansipansi. "Mwana wanga wamkazi nditamutuma lichero, anabwera ndi thileyi ya pulasitiki. Panalibe malume womunamira."