Chitini cha Nyemba

Mpongozi wanga ndi munthu wosalankhula. Ine ndiye ayi, ndikatsokomola ku Masasa kuno, a ku Zolozolo amayankha kuti pepani agogo. Ndiye tangoganizani nyumba imodzi, ine ndi iyeyo. Anthu ankati sitikhalitsana, koma mpaka lero tikadali limodzi.

Ife kwathu ndi ku Dedza. Ku Mzuzu tinabwera ndi malemu bambo a ana, atawasamutsa pa ntchito yawo ya umesenjala m'boma. Tauni yake nthawi imeneyo inali timasitolo towerengeka, kwinako mitengo yokhayokha ndi nkhungu. Bambowo atatisiya ndinatsala ndi mwana wanga wamwamuna, kalaliki wa m'boma, amene anakwatira mtsikana wa ku Rumphi, mphunzitsi wa ku pulayimale. Ndiye mpongozi ndikumunenayu.

Chaka chimene ndikukambachi, yunivesite ija ya ku Luwinga inali itayamba kale kulandira anthu. Mpongozi wanga mtima wake unali komweko, koma anamuuza kuti ayambe walembanso mayeso a Fomu 4, chifukwa zija anakhoza ali mtsikana sizinali zokwanira. Mabuku anabwereka, anawakutira bwinobwino ndi mapepala a shuga. Kunangotsala kukalembetsa dzina mwezi usanathe.

Tsiku lina tikumwa tiyi ndi chinangwa, ndinangomva kamawu kakang'ono.

"Ine ndaganiza zosiya. Sindikalembetsa."

Mwana wanga anaika kapu pansi. "Chifukwa?"

"Nthawi yowerenga palibe."

"Aaa, amake mwana! Inu mumaweruka dzuwa likadali pamutu, ine ndimafika kuno nkhuku zikulowa. Nthawi yonseyo imapita kuti?"

Sananene mwachipongwe, ayi, mwana wanga si woipa. Kungoti amuna akachoka m'mawa amaganiza kuti nyumba imaima chilili kuwadikira. Mpongozi anatola makapu n'kutuluka. Ine mtima unandipweteka, chifukwa mabukuwo ndinkaona m'mene ankawagwirira, ngati khanda.

M'mawa mwake ndili pakhonde ndikuotha kadzuwa, anabwera ndi zitini zinayi zopanda kanthu, n'kugwada.

"Amama, ndikupempheni kanthu. Inu mumakhala pano tsiku lonse, mumaona zonse. Mundiwerengereko nthawi yanga sabata imodzi yokha. Za kusukulu ayi, kuphika ndi kuchapa ayi, izo n'zodziwika. Koma yotsalayo, tione kumene imapita."

Ndinaseka mpaka nkhuku zinabalalika. "Mwananga, ine? Wotchi ine ndimangoiona ngati nkhope ya kadzidzi!"

"Ketulo mumaidziwa, Amama."

Apo ndiye anandigwira. Ketulo yathu pa mbaula ndimaidziwa ngati mwana wanga, ngakhale ndili kuseri ndimadziwa kuti pano yawira. Ndiye anati nthawi yoti ketulo n'kuwira ikadutsa, ndiponye kambewu kamodzi m'chitini. Akagwira buku, chimanga. Akapita ku kwaya kapena ku mapemphero a amayi, mtedza. Akakhala ndi alendo, nyemba. Akangokhala chabe kutambasula miyendo, nthanga ya dzungu.

Ine amene sindinapondeko m'kalasi, kundipatsa ntchito ya ukalaliki! Ndinavala duku yanga ya kutchalitchi.

Lolemba anabwera ku sukulu, anaphika, anatsuka mbale, anasambitsa mwana, kenaka anakhala pa mkeka ndi buku. Ine khutu lili ku ketulo ya m'mutu mwanga. Itawira, chimanga chimodzi, ngwee! Ndikutola chachiwiri ndinangomva kumpanda:

"Odiii! Odi kuno!"

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wa ku Salisbury Lines. Buku linatsekedwa pomwepo, mpongozi n'kuyamba moni m'chinenero cha kwawo.

"Monile, amama. Mwatandala uli?"

"Tatandala makora, kwali imwe?"

"Yewo, yewo chomene."

Ana ali bwanji, abambo ali bwanji, mwendo uja ukupwetekabe? Mpando, madzi osamba m'manja, tiyi. Mayiyo analibe nkhani, amangodutsa. Koma munthu wongodutsa ndi amene amakhalitsa. Nyemba zinayamba kugwa, pho, pho, pho.

Atatsanzika ndinati eya, tsopano buku. Koma mpongozi anamanga chitenje kuti awaperekeze. Pajatu kuno mlendo sumangomusiya pakhomo ngati galu, umamutulutsa mpaka panjira. Ndinadikira. Ketulo inawira, inawiranso, inawiranso, munthu osaoneka. Anabwera dzuwa litafiira, nthawi yoyatsanso moto.

"Mwananga, unakawafikitsa kwawo?"

"Ayi, Amama, pa kamlatho pokha. Kungoti iwo anandibwezako mpaka pa chigayo. Ndiye sindikanawasiya atsike okha."

Lachiwiri kunabwera achibale ake a ku Rumphi, ali ndi wodwala ku chipatala chachikulu chija chinali chitangotsegulidwa. Lachitatu anthu a kwathu ku Dedza, anabwera kudzasiya mwana ku yunivesite. "Tinangomva kuti muli ku Masasa, tafunsafunsa mpaka tapeza!" Tauni inali kukula, abale anga. Kumene tinkatola nkhuni kunali kutamera nyumba za malata, ndipo aliyense wobwera ku Mzuzu, kaya ndi matenda, kaya ndi sukulu, kaya kudzafuna ntchito, ankayamba wapondako pakhomo pathu. Chifukwa chiyani? Chifukwa mbiri inali itamveka kuti pakhomo paja pali mkazi wodziwa kulandira anthu. Ndipo zinali zoona. Sindinamuonepo atakwinya nkhope. Mlendo wachisanu ankamusekerera ngati woyamba.

Tsiku la a ku Dedzawo ndinati lero ndikaone ndi maso anga. Ndinafunda shawelo, nyemba m'manja, n'kuwatsata cham'mbuyo. Kunali kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu, kosadziwika ngati ikugwa kapena ikungoganiza. Njira ya ku Masasa mukuidziwa, kutsika, kukwera, matope oterera ngati therere. Anatsika mpaka pa kamlatho. Anaima. Anagwirana chanza.

"Basi mubwerere pompano, mayi."

"Ayi, ndikusiyeni pamwamba apo."

Anakwera. Pamwambapo alendo a ku Dedza aja akuti, "Iii, mwatiperekeza kutali, tiyeni tikubwezeniko pang'ono." Anatsikanso! Ine ndili kuseri kwa nthochi za eni ake, nyemba zikutha m'manja, ndikungoti Ambuye, anthuwa akupalasa njira kapena?

Atasiyana tsopano zenizeni, mpongozi anatembenuka yekha. Ndinamuona akubwera, milomo ikugwedera. Ndinati mwanayu akupemphera. Atayandikira ndinamva kuti ayi, ndi Chingerezi, mawu aataliatali ngati msewu wa ku Karonga, akuwerenga ndi zala, akalakwitsa n'kuyambiranso. Zimene anawerenga m'buku pa ketulo imodzi ija, ankazibwereza m'njira, mvula ikumuwaza, matope mpaka m'akakolo. Ndinatuluka m'nthochimo.

"Amama! Mukutani kuno?"

"Ndili pa ntchito. Tandiuza, ulendo wobwererawu ndiponye nyemba kapena chimanga?"

Anaseka atagwira pakamwa. "Ponyani chimene mukuona, Amama."

Ndinaponya chimanga. Amene akufuna kutsutsa abwere.

Lachinayi ndiye kunachitika zoopsa. Mpongozi anapita ku kwaya, ine ndinaponya mtedza wake bwinobwino, n'kulowa m'nyumba kukatenga fodya wanga. Potuluka ndinapeza mwana wanga waweruka msanga, wakhala pa mpando wanga, wavula nsapato, wailesi pakhutu, chitini pamwendo, akutafuna.

"Iweee! Ukudya chiyani?"

"Mtedza, Amayi. Koma ndi wauwisi."

"Wadya kwaya! Wadya kwaya yonse ndi mapemphero a amayi omwe!"

Aneba anasuzumira pa mpanda. Mwana wanga anangoti kukamwa yasa, chigamphu cha mtedza chili pa mlomo. Ndinamulongosolera zonse. Anaseka mpaka misozi, koma atasuzumira m'chitini cha nyemba n'kuchinyamula kuti amve kulemera, kuseka kunachepa. Mtedza ndinabwezeramo, pakuti ndinkakumbukira.

Lamulungu titabwera ku tchalitchi ndinatenga lichero, ndinawaitana onse awiri. Ndinakhuthula chitini chimodzichimodzi. Mtedza, kadzanja kamodzi. Chimanga, choti nkhuku imodzi n'kutola osakhuta. Nthanga za dzungu zinagwa ziwiri zokha, ndipo imodzi ndinachita kumukomera mtima, anangokhala pansi kuti achotse minga kuphazi. Kenaka nyemba. Waaa! Mulu, zoti n'kuphika banja lonse n'kudya.

"Wafunsa kuti nthawi imapita kuti," ndinatero. "Ndi iyi. Ili ku Salisbury Lines, ili ku Rumphi, ina ili pa kamlatho."

Mwana wanga anakanda m'mutu. "Pepani amake mwana, sindinkadziwa. Ndiye basi, alendo akabwera muziwauza kuti muli bize."

"Iwe, mutu ukuyenda? Mkazi wokwatiwa auze alendo a pakhomo pa apongozi ake kuti ali bize? Mawa lomwe mbiri ifika ku Rumphi, mkuja ku Dedza. Ati wayamba kunyada, sukulu yamulowa m'mutu asanaiyambe n'komwe!"

"Nanga titani? Titseke geti?"

Mpongozi maso anali pa lichero, akusuntha kanyemba kamodzi ndi chala. Ndinamuyang'ana. Ndinayang'ana nyemba. Ndipo zinandifikira ngati munthu wandiwaza madzi ozizira. Pakhomo pamene pali munthu wamkulu, mlendo akalandiridwa ndi wamkuluyo, n'kuperekezedwa ndi wamkuluyo, sanganene kuti anamunyoza. Ulemu wake umaposa. Ndipo pakhomo pathu wamkulu anali ndani? Koma mpongozi sangatsegule pakamwa n'kuuza apongozi ake kuti dzukani muziperekeza alendo. Zimenezo kulibe, kaya kwathu kaya kwawo. Ndiye mwana uyu, m'malo mondituma, anandipatsa zitini kuti ndizione ndekha.

"Mwananga," ndinatero, "iwe ndiwe wochenjera kuposa tonse m'nyumba muno."

"Amama, ine sindinanene kanthu."

"Sunanene. Zanena nyemba. Mawa ukalembetse dzina. Alendo ndi anga."

Ndinatembenukira mwana wanga. "Ndipo iwe, akabwera amuna, nsapato usavule, wowaperekeza ndiwe. Bawo idzakudikira."

Analembetsa. Kuyambira pamenepo odi akamveka, woyankha ndinali ine, ndipo mawu ndili nawo. "Lowaniii! Fikani, fikani!" Mpongozi ankabwera, kugwada, kupereka moni wonse bwinobwino, kuika tiyi. Asanakhale pansi ine ndinkakalipa kuti aliyense amve: "Iwe, zija ndakutuma zija watha? Pita msanga!" Iye, "Yewo, Amama," n'kulowa kuchipinda kumene kunali mabuku. Alendo ankayang'anana. Ndinamva kuti ku tchalitchi ankanong'onezana kuti agogo a ku Dedza aja ndi ankhanza, mkamwana wawo sapuma. Ndinati nenani, msana wanga ndi waukulu.

Koma kuperekeza ndiye ndinakukonda! Ine kuyenda ndimayenda pang'onopang'ono, ndipo nkhani sizindithera. Ndinkayamba ndi ulendo wathu wochoka ku Dedza pa lole, pofika pa chigayo tili pa maliro a bambo a ana, pa kamlatho ndikuyamba za mwendo wanga. Amayi a ku Salisbury Lines aja tsiku lina anati, "Agogo, pompano pakwana, yewo chomene."

"Ayi, ndikusiyeni pamwamba."

"Chonde agogo, mwendo wanu."

"Mwendo ndi wanga!"

Titangofika pamsewu anaimitsa njinga ya hayala, zija amati sakaramento, anakwera cham'mbali osafunsa ndi mtengo womwe, ine ndikuwakuwira kuti nkhani sinathe. Zondibwezako zija palibe anayerekeza. Alendo ongodutsa anayamba kudutsadi. Odwala ndi a kutali okha ndi amene ankafikabe, ndipo amenewo tinkawalandira ndi manja awiri.

Zitini sindinataye. Masiku ena ndinkaponyabe, kungofuna kumva chimanga chikulira. Chinkadzaza mpaka ndinasintha chitini, ndinatenga chachikulu cha mkaka. Nthanga za dzungu zokha ndi zimene zinkandidandaulitsa, mpaka tsiku lina ndinamulanda buku n'kumukhazika padzuwa mokakamiza. Anagona pomwepo ngati mwana, kukamwa kuli pululu.

Mayeso analemba, anakhoza, ndipo dzina lake linatuluka. Nthungululu imene ndinaimba tsiku limenelo, agalu a m'Masasa monse anauwa.

Tsiku loyamba kupita ku Luwinga anavala diresi yake yabuluu, chikwama paphewa. Ndinati ameneyu ndimuperekeza ndine. Tinatsika, tinadutsa chigayo, tinaoloka kamlatho, tinakwera mpaka pa siteji. Njira yonse ine ndikulankhula, iye akungoti yewo, yewo. Minibasi inaima, kondakitala akukuwa. Mpongozi anaponda mwendo umodzi pakhomo, kenaka anatembenuka, n'kuyang'ana chitunda chimene ndimayenera kutsika ndekha.

"Amama, kukuterera. Tiyeni ndikubwezeniko mpaka pa kamlatho."

"Usayerekeze! Kondakitala, mukokereni m'kati ameneyo, tsekani chitseko!"

Anthu m'minibasi anafa nazo kuseka. Inanyamuka, iye akundiyang'ana pawindo, dzanja pakamwa. Ndinatsika ndekha bwinobwino, ndinangogwa kamodzi.