Thonje la Pathanthwe

Ndikukumbukira thanthwe la kuseri kwa nyumba yathu, m'mudzi wina wa kufupi ndi Vubwi, kumene ukapitirira pang'ono potola nkhuni umangozindikira kuti uli ku Malawi. Linali thanthwe lalikulu ndi losalala, ndipo masana linkatentha ngati chiwaya. Amayi a m'mudzimo ankayanikapo ufa ndi mphale, mbuzi zinkagonapo, ndipo ine ndinkadikirirapo amayi anga.

Amayi anga ankagwira ntchito m'ndege. Anali m'gulu la atsikana aja ovala zofanana amene amalandira anthu pakhomo la ndege, kuwasonyeza mipando, ndi kuwathirira tiyi ali m'mitambo. Ankakhala ku Lusaka, ndipo ine anandisiya ndili wamng'ono m'manja mwa akulu awo, amene ndinkawatchula kuti amayi aakulu. Amayiwo kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo, pa Khirisimasi kapena pamaliro, atanyamula masiwiti ndi timasupuni tapulasitiki, akununkhira sopo wosadziwika kwathu. Ndisanawazolowere n'komwe, tchuthi chinkakhala chitatha. Nkhope yawo ndinkaiiwala msanga. Chimene chinkatsala ndi fungo lija pa chitenje chimene ankandisiyira, nalonso linkatha ndi utsi wa m'khitchini.

Ulendo wina akutsanzika, ndinakakamira siketi yawo ndikulira. Anagwada, nandipukuta mamina, nati: "Usalire, Tikambenji. Ndege yathu yopita ku Lilongwe imadutsa pamwamba penipeni pa mudzi uno. Ukaimva, udziwe kuti ndili momwemo, ndipo ndikukuona." Munthu wamkulu amanena zotere kuti mwana asiye siketi basi. Koma ine mawu amenewo ndinawameza onse.

Ndegeyo inkadutsadi. Masiku ena a pa sabata, dzuwa likayamba kupendeka, kunkamveka kulindima kwa pansipansi kochokera kumadzulo. Ukayang'ana kumene kukuchokera phokosolo sunkaona kanthu, chifukwa mwini wake ankakhala ali kale patsogolo, kakang'ono, konyezimira, kakukoka mchira woyera. Anthu m'minda anaisandutsa wotchi. "Yadutsa ya amake Tika, tiyeni tiweruke," ankatero. Ine ndikamva zimenezo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ngati ndege yonseyo inali ya m'banja mwathu.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa mtendere. Madenga onse a m'mudzimo anali audzu, ndipo ana tonse tinali otuwa mofanana. Nanga amayi akanandizindikira bwanji kuchokera kutali konseko? Yankho ndinalipeza m'nyengo yokolola thonje. Pakhonde pathu pankakhala mulu wa thonje lodikira ogula, loyera mbee, lofunda ukalowetsamo mikono. Ndinayamba kulituta m'dengu, kukaliyala pathanthwe mozungulira, ine n'kuima pakati n'kumagwedeza manja mpaka ndegeyo italowa kuseri kwa mapiri. Ikapita ndinkagona chagada pamwala wofundawo, n'kumawaona m'maganizo: aika ketulo pansi, asuzumira pazenera, akodola azungu kuti bwerani mudzaone, uyo ali pakatiyo ndi mwana wanga. Nthawi zina ndinkaona ngati mchira woyera uja ndi thonje langa lomwe, limene iwo alitola n'kumalimwaza kuti ndidziwe kuti alilandira.

Vuto linali pobweza. Thonje linkabwerera pakhonde litadzaza chisoso, mchenga ndi manyi a mbuzi, ndipo amayi aakulu ankakhala pansi n'kumalisankha uku akundiwerengera machimo anga onse kuyambira tsiku limene ndinabadwa. M'dzinja, thonje likatha, ndinkayala mbale zoyera zachitsulo. Tsiku lina ndinayala bulauzi yoyera ya chigwirizano ya amayi aakulu, yochapidwa ndi kusitidwa kale, mwana wa mbuzi n'kudzagonapo. Za tsiku limenelo sindinena zambiri, koma mtengo wa pichesi wa pakhomo pathu unachepa nthambi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinayala thonje langa bwinobwino, ndinaima pakati, ndinadikira. Kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo. Akabawi awiri anazungulira, napita. Mthunzi wa phiri unatsika mpaka unandipeza, koma kulindima kuja sikunamveke. Tsiku lotsatira la ndege zinali chimodzimodzi, ndipo anthu m'minda anayamba kuweruka mosokonekera. Kenako aphunzitsi, amene anali ndi wailesi, anabwera kudzauza amayi aakulu kuti kampani ya ndege ija yatsekedwa, ndege zaimikidwa, antchito onse auzidwa kuti azipita kwawo, ndipo apaulendo angosiyidwa pabwalo la ndege ndi zikwama zawo. Ine sindinamvetse. Ndinkadziwa kuti golosale imatsekedwa, koma chinthu choyenda kumwamba amachitseka potani?

Amayi anafika pa lole ya ogula thonje, atakhala pamwamba pa masaka, nsidze zili zofiira ndi fumbi. Ine ndinavina. Ndinkaona ngati Mulungu wayankha mapemphero anga, ngakhale kuti anachita kutseka kampani yonse kuti andiyankhe.

Koma amayi amene anatsika pa lole ija sankandiona. Yunifolomu yawo anaipachika kuseri kwa chitseko ataiphimba ndi pulasitiki, ndipo iwo ankangokhala pakhonde manja ali pamiyendo. Dzuwa likapendeka ankayang'ana wotchi ya pamkono, n'kulowa m'nyumba. Ndikawapatsa madzi ankati zikomo, n'kundimwetulira kumwetulira kwa kuntchito, kumene umamwetulira mlendo amene sudzamuonanso. Zinkandiwawa kwambiri. Ali kumwamba ndinali ndi amayi ondiona, koma atakhala pa mphasa imodzi ndi ine maso awo ankandidutsa. Ndinkafunitsitsa kuwafunsa za thonje lija, koma sindinalimbe mtima. Ndipo ndinamva akuuza amayi aakulu kuti thonje lomaliza likagulidwa abwerera ku Lusaka kukayesa mwayi wina, chifukwa kumudzi kuno analibe chochita.

Amene anasintha zinthu ndi aMbewe, mkulu wa mpingo wathu. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira tikiti ya ndege ya kampani yomweyo kuti akaone adzukulu. Anasoketsa jekete ku Katete, anatsanzika m'tchalitchi, abusa anawapempherera, ndipo amayi a chigwirizano anawaimbira nyimbo ya apaulendo. Atafika ku Lusaka anapeza zitseko zili zotseka. Anabwerera ndi thumba lawo la mtedza wa adzukulu lili chimangire, ndipo anyamata opanda ulemu ankawafunsa kuti ku Joni kwacha bwanji.

Tsiku lina masana anatulukira pakhomo pathu atavala jekete lija. Amayi aakulu anaganiza kuti kwabwera mlandu, nayamba kupepesa asanapereke n'komwe mpando. Koma aMbewe anavula chipewa, nati: "Amake Tika, sindinabwerere mlandu ayi. Inu ndi ine mvula yatinyowetsa imodzi. Ndangoti mundiuzeko, kumwambako dziko limaoneka bwanji? Ndinalonjeza ana a Sande sukulu kuti ndidzawafotokozera."

Amayi anayang'ana phiri la kuseri kwa mudzi. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwenikweni, koyamba chibwerereni. "Mubwere mawa m'mawa, bambo," anatero. "Muvale jekete lomweli. Musachedwe, ndege sidikira munthu."

M'mawa mwake amayi anatuluka m'nyumba atavala yunifolomu ija, kansalu kali m'khosi, tsitsi atalimanga bwino, koma kumapazi atavala nsapato zakumunda za amayi aakulu. M'dengu anaikamo fulasiki ya tiyi, thireyi ndi makapu. Nditamva kuti tikukwera phiri, ndinazemba n'kuthamangira pakhonde kukatuta thonje. Amayi aakulu anandipeza ndili pakati pa ntchitoyo. Ndinatseka maso kudikira pichesi, koma iwo anangotenga dengu lalikulu, nalidzaza, nandithandiza kuliyala pathanthwe. 

Tinakwera atatu, amayi patsogolo, ine pakati, aMbewe pambuyo akupuma mwa befu ndi kuima pafupipafupi ngati akusirira mitengo. Udzu unali wouma, wonyowa pang'ono ndi mame, ndipo mphepo inkabweretsa fungo la lupsa kuchokera kutsidya. Titafika pamwamba, amayi anawakhazika aMbewe pa mwala, nawamanga chitenje m'chiuno n'kunena kuti ndi lamba. Anaimirira mowongoka, nalankhula ndi mawu osalala amene sindinawamvepo, kutilandira m'ndege ndi kutiuza kuti nyengo ili bwino. Kenako anathira tiyi, naupereka pa thireyi akupinda bondo.

Pansi pathu dziko linali litayalidwa lonse. Minda inkaoneka ngati zigamba za pa kabudula, msewu unkapindika kulowera ku Vubwi, malata a tchalitchi ankanyezimira, ndipo kutali mapiri a ku Malawi ndi a ku Mozambiki ankasungunuka mu utsi wobiriwira. Kamtambo kena kanadutsa m'munsi mwathu, mthunzi wake ukuyenda pa minda. AMbewe anagwira kapu ndi manja awiri, maso ali tong'o. "Kodi munda wanga ndi kameneka?" anafunsa. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikukanganirana malire ndi mlamu wanga chifukwa cha kachigamba aka?"

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako analoza kumudzi. "Nanga choyera chija pathanthwe n'chiyani? Ndani amayanika ufa mozungulira chonchija?"

Ndinawayang'anitsitsa. Sankachidziwa.

"Simukudziwa, amake Tika?" anatero aMbewe modabwa. "Mudzi wonse ukudziwa. Ndi thonje la mwana wanuyu. Ndege yanu ikamadutsa ankaliyala, iye n'kuima pakati, kuti inu mumuone. Sanaphonyepo."

Amayi anaika fulasiki pansi pang'onopang'ono. Akananama ndikanawakhulupirira, koma sananame. "Mwana wanga," anatero, "podutsa pano ndinkakhala ndikutolera makapu, ndege ikukonzekera kutera. Pazenera sindinkafikapo."

Ndinalira kulira kwa zaka zonse zija. Iwo anagwada ngati tsiku lija, namasula kansalu ka m'khosi kamene sankalola munthu kukakhudza, nandipukuta nako mamina. Anagwira nkhope yanga ndi manja awiri n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anaona mano amene anali atangomera kumene, anaona chipsera cha pachipumi n'kundifunsa kuti ndinagwa liti. Kenako ananditembenuza, nandikhazika pamiyendo pawo ngakhale ndinali wamkulu kale, ndipo tinayang'ana limodzi kabwalo koyera kaja mpaka tiyi anazizira. "Ndaliona tsopano," ankangobwereza choncho. AMbewe anatembenukira ku Mozambiki, n'kumasisita m'maso ndi chipewa.

Thonje lomaliza linagulidwa, koma amayi sanabwerere ku Lusaka. Sindinganene kuti zinali zophweka. Manja awo osalala aja anatuluka matuza, ndipo panali masiku amene ankamva za anzawo a kuntchito amene moyo unawasokonekera, n'kukhala tsiku lonse osalankhula. Pambuyo pake anatsegula kanyumba ka tiyi pamsika, ndipo anthu ankachokera kutali kudzamwa tiyi wa pa thireyi. AMbewe anamwalira asanakwerepo ndege, koma ana a Sande sukulu anawafotokozera zonse, ndipo palibe anawatsutsa.

Masiku ano ndimaphunzitsa ku Katete. Ndege zikamadutsa ana a m'kalasi mwanga satukula n'komwe mutu, ndipo mwana wanga anandionetsa mudzi wathu wonse pafoni, mmene umaonekera kuchokera kumwamba. Thanthwe lija lilipo, kadontho kotuwa kopanda munthu. Zimene ndinkazilirira zaka zonse zija, lero mwana amaziona ndi chala chimodzi ali chigonere.

Amayi akalamba tsopano, ndipo thonje anasiya kulima. Ndikamapita kumudzi ndimawaimbira foni ndikafika pa Vubwi, kenako ndimakwera njinga yamoto. Pali malo amene msewu umakwera m'mbali mwa phiri lija, mudzi n'kuonekera pansi. Pamenepo ndimauza mnyamata woyendetsa kuti aime, ngakhale ang'ung'udze. Pathanthwe pamakhala patayalidwa nsalu yoyera ya pabedi, ndipo pakati pake pamaima kamunthu kowerama, kakugwedeza dzanja. Maso awo sangathenso kundiona ndili patali choncho. Koma ine ndimatsika, ndimaika chikwama pansi, ndipo sindichoka mpaka nditawaona bwinobwino.