Chitseko Chopanda Nambala

Ntchito yoyamba yomwe inandipatsa njinga ndi matama inali yofunsa anthu za m'nyumba mwawo. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Anatiphunzitsa masiku angapo ku Zomba, natiuza kuti akuluakulu oona za chuma cha dziko akufuna kudziwa mmene mabanja amakhalira: muli anthu angati pakhomo, akugwira ntchito yanji, denga ndi la udzu kapena la malata. Ine anandipatsa midzi ya ku Likoswe, mafomu, pensulo ndi choko.

Lamulo lake linali losavuta. Nyumba yogonamo munthu timailemba nambala ndi choko pachitseko. Yopanda munthu timaidutsa, n'kulemba pafomu kuti ndi yopanda munthu. Ndinkalinyadira lamulo limeneli ngati ndalipanga ndine, ndipo ndinali wa mtima wapachala. Munthu akayamba kuzungulira poyankha, ndinkagogoda pensulo pafomu mpaka aone yekha manyazi.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndinafika pakhomo pena pomwe panali nyumba ziwiri. Ina inali kanyumba ka udzu kopendekeka, ina inali ya njerwa zootcha, ya malata, bwalo lake losesedwa bwino. Mayi wina wachikulire anatuluka m'kanyumba ka udzu kaja nandiyalira mkeka. Tisanathe n'kulonjerana komwe, panafika bambo wina wamtali, mlongo wake wa mayiyo, nakhala pamwala chapatali. Ndinaganiza kuti wangobwera kudzaonerera njinga.

Ndinalemba kanyumba ka udzu, munthu mmodzi, mlimi. Kenaka ndinaloza ya malata ija.

"Umo mumagona ndani, amayi?"

"Mumagona mwana wanga, akalaliki," anandiyankha, kunditchula ndi dzina la ntchito yanga.

"Ali kuti?"

"Ali kuntchito."

"Ntchito yanji?"

"Amakumba pansi. Ku Joni."

Bambo uja anatsokomola. "Afunseni kuti anapita liti," anatero osandiyang'ana.

Zinapezeka kuti mwanayo anabwerako kamodzi, namanga nyumbayo, nabwerera kumigodi. Kuyambira pamenepo zinali zitatha zaka zisanu ndi zinayi, popanda kalata, popanda uthenga. Anzake onse anali atabwerako kalekale, ndipo palibe amene anamuona. Kwathu munthu wotere timati mtchona, koma mawuwo palibe anawatchula pamaso pa mayiyo.

"Ndiye kuti simugona munthu," ndinatero.

"Amagona. Bwerani mudzaone."

Ndinalowa chifukwa fomu inkafuna kuti ndione pansi ngati ndi pa simenti kapena pozira. M'katimo munali chete wachilendo, ngati wa m'tchalitchi pakati pa sabata. Pansi panali pozira kumene, dothi likununkhirabe. Pakona panali mtsuko wa madzi wovundikira ndi mbale, ndipo pafupi ndi mkeka panali nsapato za jombo, zopukutidwa, zoyang'ana kukhomo. Nkhuku zomwe zinatitsatira zinaima pakhomo, osalowa.

Malata anathetheka pamwamba pathu, monga amachitira kukatentha.

"Mwamva?" anatero mayiyo motsitsa mawu. "Akutembenuka. Amabwera atatopa. M'mawa uliwonse ndimapeza mkeka uli wofunda. Gwirani."

Ndinagwira. Unali wofunda ndithu. Ndinadziuza kuti m'nyumba ya malata mu Okutobala chilichonse chimafunda, koma tsitsi linandinyerenyetsa, ndipo mantha amenewo ndiwo anandikwiyitsa. Ndinatuluka msanga.

Panja mayiyo anagwada, naloza choko chomwe chinali m'thumba la malaya anga.

"Lembani, mwanangu. Kanambala kamodzi kokha. Choko sichitha."

"Amayi, ine ndimalemba anthu, sindilemba mikeka," ndinayankha mokweza, kuti bambo uja amve kuti ndine wa boma. "Munthu wa zaka zisanu ndi zinayi osaoneka, papepala pano palibe."

Bambo uja anaimirira. "Mwamvatu, achemwali. Si ine ndanena, ndi boma. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

Ndinamva kukoma, ndisaname. Ndinaona ngati andiyamikira. Ndinakwera njinga n'kupita khomo lotsatira, osafunsa kuti mlandu womwe ndaweruzawo unali wotani. Safunsa anadya phula, ndipo ine amene ndinkalipidwa chifukwa chofunsa ndinalidya lonse.

Zoona zake ndinazimva kwa mayi amene ankandisunga kumudzi woyandikana nawo. Achibale anali atalimbana ndi mayi wa nyumba ya malata uja zaka zingapo. Ankafuna kulira maliro a mwanayo, amete, nyumba igwetsedwe monga amachitira ndi nyumba ya womwalira, malata agawane. Mayiyo ankakana, ankati popanda mtembo palibe maliro. Atamva kuti kukubwera olemba nyumba, anagwirizana kuti aone chomwe boma lichite. Chitseko chikalembedwa, mwanayo ali moyo ndipo nyumba ikhale. Chikadutsidwa, basi.

Ndinati ndibwerereko mawa lake. Mawa lake kunali mudzi wina, ndipo woyang'anira wathu ankawerenga makomo omwe tamaliza. Ndinadzitonthoza kuti anthu sangagwetse nyumba ya njerwa chifukwa cha choko.

Patatha masabata atatu tinabwereranso m'makomo omwewo kukafunsa za ntchito zomwe anthu agwira sabata imeneyo. Ndinafika pakhomo paja chakum'mawa, ndipo poyamba ndinaganiza kuti ndasochera. Panali mulu wa njerwa basi. Malata panalibe. Pansi pozira paja panali pamtetete, nkhuku zikupalasapo. Chitseko chokha anachitsamiritsa ku mtengo wa mango.

Mayi uja anatuluka ali wometa mpala, atachepa ngati mwana. Anandiyalira mkeka mwaulemu womwewo, ndipo nditaukhalira ndinauzindikira kuti ndi uja wa m'nyumba ya malata.

"Tinaika thunthu la nthochi m'manda," anatero. "Anthu anabwera ambiri ndithu."

"Amayi, ine sindinadziwe."

"Mukanadziwa bwanji? Inu mumalemba anthu."

Sananene mwachipongwe, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka. Akanandilalatira ndikanapeza pogwira. Ndinatulutsa choko, ndinapita pa mtengo wa mango paja, n'kulemba nambala pachitseko. Sindikudziwa chomwe ndinkaganiza kuti ndikukonza.

Mayiyo anandiyang'ana mpaka ndinamaliza.

"Chitseko chimenecho chikutsekera chiyani, akalaliki?"

Ndinatsegula fomu, poti munthu ukasowa chochita umagwira chomwe unazolowera. Ndinafunsa ngati alipo wina amene anagona pakhomopo usiku wapitawo.

"Ndili ndekha tsopano," anatero. "Mwana wanga anabwera tsiku lomwe anachotsa malata, anaima apo pali mkekapo, alibe pogona. M'kanyumba kangaka sangalowe, ndi mwamuna wamkulu. Ndiye ndinamuuza kuti, pita ukatsate bambo wa njinga uja, pepala lako lili ndi iyeyo. Akakupezera malo."

Anatero monga munthu amene akukuuza kuti watumiza mwana kuchigayo. Kenaka anafunsa ngati pali funso lina.

Ntchito ija inatha, ndinapeza ina, ndinakwatira, ndinamanga nyumba yanga pafupi ndi Namadzi, ya malata. Sindinaonepo kalikonse, ndipo sindine munthu wokhulupirira zilizonse. Koma muli chipinda chimodzi chomwe sindinalole kuti muikidwe matumba a chimanga, ngakhale chaka chomwe tinakolola kwambiri, ndipo mkazi wanga anatopa n'kufunsa chifukwa chake.

Patapita zaka kunabwera kalembera. Mtsikana wa pensulo ndi choko anakhala pakhonde panga, nafunsa kuti m'nyumba muno munagona anthu angati usiku wathawu. Tinalipo asanu ndi mmodzi. Malata anathetheka pamwamba pathu. Ndinati asanu ndi awiri.

Mkazi wanga anandiyang'ana. Mtsikanayo anafunsa dzina la wachisanu ndi chiwiriyo, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti tsiku lija, ndi mafunso anga onse aja, dzina lake sindinafunse.