Chipika cha Mbawa

Fungo la utuchi wa mbawa pashedi ya akalipentala pa Boma landibweza ku Thambani lero, kudzenje kumene bambo anga ankachekera matabwa.

Bambo ankakonda kunena kuti, "Cholemera chimanyamulidwa ndi mtima, manja amangotsatira." Ine ndinkakhulupirira, poti ndinkawaona akulavulira m'manja, kenako chipika n'kudzuka.

Tsiku lina m'mawa anandikwapula chifukwa ndinakasuzumira pawindo la sukulu m'malo mowathandiza. Masana ake chipika chinagubuduka n'kuwapanikiza pachifuwa. Tinali awiriwiri.

"Kweza, mwanawe," anatero mawu akutha. "Ikapo mtima."

Ndinagwira khungwa, ndinakoka mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Koma mikwingwirima ya kumsana inali ikuwawabe, ndipo mkwiyo unali usanandichoke. Chipika sichinasunthe. Pamene ndinkabwera ndi anthu ochokera kumudzi, bambo anali atatisiya.

Anachichotsa amuna asanu ndi mmodzi. Sukulu ndinadzayamba ndili ndi ndevu kale, ndipo inandiphunzitsa kuti mwana sangadzutse chinthu chotero. Koma palibe mphunzitsi amene anandiuza ngati tsiku lija ndinkafunadi kuti chidzuke.