Dzanja la Atate M'chipinda Chopanda Anthu

Ndikukumbukira chaka chimene mgodi wa mkuwa unagulitsidwa, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Atate, amene ankasamalira udzu pa bwalo la gofu la mabwana a mgodi ku Kitwe, anauzidwa kuti ntchito yatha. Tinasamukira ku Ndeke, komboni ya m'tauni momwemo. Ndalama zotsanzikira anagulira wailesi ya kanema, dishi ya setilaiti ndi mabenchi, kuti anthu azilipira pakhomo n'kumaonera gofu. Gofu, ku Ndeke! Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Koma masiku amenewo kunatchuka mnyamata wina wakuda wa ku Amereka amene ankagonjetsa azungu pa masewera awo omwe. Akamasewera iyeyo, chipinda chathu chinkadzaza mpaka kununkha thukuta ndi chibuku. Amuna ochotsedwa ntchito ankamutcha "wathu". Iye akati amenye mpira, atate ankakweza dzanja monga amachitira ku bwalo la gofu poletsa phokoso, ndipo anthu ozolowera kukuwa ku mpira wamiyendo ankangoti zii. Sindinawaonepo atate akunyada chotero.

"Mwaona, amake Tisa? Ayamba kuikonda gofu," anatero kwa amayi tsiku lina. Tisayo ndine.

"Sakonda gofu awa, atate ake Tisa," amayi anayankha. "Akonda kuona mabwana akuluza."

Atate sanamve. Anagulitsa njinga, n'kuwonjezera mabenchi.

Kenaka wathu uja anavulala bondo. Loweruka la mpikisano waukulu ndinasesa, atate anavala malaya awo oyera. Kunabwera a Mulenga, amene kale ankakumba pansi pa mgodi, nasuzumira pakhomo.

"Ba Tembo, uja wathu aliko lelo?"

"Kulibe, koma kuli ena odziwa kumenya. Lowani, five hundred chabe."

"Awe mukwai, tizabwela akachila."

Sanalowe munthu ngakhale mmodzi. Ndinakhala pa benchi ya kumbuyo. Mzungu wina atawerama kuti amenye, atate anakweza dzanja kuletsa phokoso, m'chipinda momwe munali ine ndekha. Dzanjalo linakhala m'mwamba kanthawi, kenaka linatsika pang'onopang'ono. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Mvula isanagwe dishi inagulitsidwa, ndipo ine ndinasiya sukulu n'kuyamba kugulitsa tomato ndi amayi pa msika.

Lero ndikumvetsa kuti tauni yonse inatsamira pa mkuwa, ife tinatsamira pa bondo la munthu amene sankadziwa n'komwe kuti Ndeke iliko. Zonse ziwiri zinathyoka, ndipo palibe anabwera kudzatipepesa.