Mmene anandichotsera m'kalasi ya sayansi

Chaka chomwe ndinalemba mayeso a Folomu 4 ndinakhoza kuposa wina aliyense pasukulu pathu, ndipo anthu akwathu, kufupi ndi ku Mauwa, amaona ngati nkhani yanga ndi yokoma. Tikakumana amandifunsa za kuyunivesite akumwetulira. Ndimawayankha mwaulemu, koma mkwiyo womwe ndinautenga masiku amenewo sunandichoke mpaka lero.

Ndili Folomu 1 kunabwera anthu odzakumba mjigo kuseri kwa tchalitchi chathu. Anafika ndi chigalimoto chodzaza mapaipi, ndipo amene ankalamula ntchito yonseyo anali mzimayi. Anavala jombo ndi chipewa cholimba, kumaso kuli mbuu ndi fumbi, ndipo azibambo akuluakulu ankadikira kuti iye aloze pokumba. Ndinaima pamenepo ndi ndowa yanga mpaka amayi anachita kudzanditenga. Ndisanachoke ndinafunsa mmodzi wa azibambowo kuti mayiwo anaphunzira chiyani. Anandiuza kuti uinjiniya wa zamadzi, kuyunivesite ya boma. Kuyambira pamenepo ndinadziwa chomwe ndinkafuna, ndipo sindinkabisa. Ndinkauza aliyense.

Sukulu yathu inali sekondale yoyendera. Mphunzitsi wa Fizikisi ndi Kemisitiri anali mmodzi, zipangizo zake zinkakwana m'kabati imodzi, choncho tikafika Folomu 3 ankatigawa pawiri. Kalasi ina inkatenga sayansi, ina inkatenga Histole ndi Baibulo m'malo mwake. Ine sindinkada nkhawa chifukwa masamu ndinali patsogolo kuyambira Folomu 1.

Amene ankagawa anali adepute, wachiwiri kwa ahedi, bambo wamfupi wokonda kuyenda manja ali kumbuyo. Anatiimika pabwalo, iwo ali pakhonde, n'kuyamba kuloza ndi chala. Sanayang'ane zotsatira za mayeso. Anyamata ambiri anawaloza kusayansi. Atsikana anatengako awiri okha, wina mwana wa mphunzitsi mnzawo, wina mwana wa mwini golosale. Enafe anatikankhira kukalasi inayo ndi dzanja, ngati akuingitsa nkhuku pamphasa ya chimanga.

Pa buleki ndinawatsatira kuofesi.

"Sala, ine ndimafuna kalasi ya sayansi."

"Kalasi yadzaza."

"Koma masamu ndinali nambala wani, sala."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Zaka zapitazi ndinaika atsikana ambiri kusayansi. Pofika nthawi ya mayeso ena anali ndi mimba, ena ali pabanja. Malo anangoonongeka. Pita kumene ndakuika. Maphunziro ndi amodzimodzi, chachikulu n'kukhoza basi."

Ndinatuluka ndili ndi manyazi ngati kuti mimbayo inali yanga. Kunyumba ndinafotokozera abambo. Abambo anga ndi mlimi wa nandolo ndi chimanga, amaimba kwaya kutchalitchi, ndipo sukulu anailekezera kupulayimale. Akakumana ndi mphunzitsi panjira amatsika njinga n'kuvula chipewa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Aphunzitsi amadziwa, mwanawe. Ngati anena kuti chachikulu n'kukhoza, iwe kakhoze."

Ndinakhozadi. Zaka ziwiri zimenezo ndinawerenga ngati wamisala. Ndinkaloweza mayina a mafumu a ku Isiraeli ndikupalira, ndikuphika, ndikupita kuchigayo. Anyamata a kalasi ya sayansi ankabwera kwa ine masana kuti ndiwathandize masamu, ndipo ndinkawathandiza ndi mtima wonse poganiza kuti tonse tikupita kumodzi. Panalibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anatiuza kuti kosi iliyonse yakuyunivesite ili ndi maphunziro ake omwe imafuna. Onse ankadziwa. Ena a iwo ankandimva ndikunena za uinjiniya, n'kumangoti, "Limbikira."

Zotsatira zitatuluka mapointi anga anali ochepa kuposa a onse, ndipo pamayeso amenewa wa mapointi ochepa ndiye wakhoza kwambiri. Nthawi yofunsira malo itakwana ndinatenga njinga ya abambo kupita ku Namadzi, kumene kunali kashopu ka makompyuta pafupi ndi pokwerera minibasi. Mkatimo munali modzaza ndi anzanga ochokera sukulu zosiyanasiyana. Pambali panga panakhala mnyamata wa kusukulu kwathu, wa kalasi ya sayansi, mmodzi wa omwe ndinkawathandiza masamu. Mayi wina yemwe ankayendetsa shopuyo anandifunsa kuti ndikufuna kosi yanji.

"Uinjiniya wa zamadzi."

Anatenga pepala la zotsatira zanga n'kuliyang'ana. "Mwakhoza bwino, achemwali. Koma Fizikisi ndi Kemisitiri zili kuti?"

"Sindinalembe. Kalasi yathu sitinkaphunzira."

"Ndiye sizingatheke. Onani apa."

Anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Zinali zolembedwa poyera. Ndinafunsa za uinjiniya wina, anapukusa mutu. Za mankhwala, chimodzimodzi. Za mthirira, chimodzimodzi. Chilichonse chomwe mtima wanga unkafuna chinkafuna maphunziro awiri aja. Mnyamata wapambali panga uja, yemwe mapointi ake anali ambiri kuposa anga, anali atasankha kale uinjiniya pamwamba penipeni. Anamva zonse, n'kuzyolika. Iye analibe mlandu, koma ndinalephera kumulankhula.

Sindinasankhe kalikonse tsiku limenelo. Ndinakwera njinga osapita kunyumba, ndinalunjika kusukulu. Ndinapalasa ndi ukali moti pamtunda pomwe anthu amatsika n'kumakankha ine sindinatsike. Adepute ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akumwa tiyi ndi aphunzitsi anzawo.

"Sala, munandiuza kuti maphunziro ndi amodzimodzi."

Anakweza maso. "Ndiwe ndani kodi?"

Sankandikumbukira n'komwe. Ine ndinanyamula mawu awo zaka ziwiri, iwo sankadziwa ngakhale nkhope yanga. Mphunzitsi wina anawauza kuti ndine mtsikana uja wakhoza kwambiri. Pamenepo nkhope yawo inawala.

"Oo, ndiwe! Watichotsa manyazi, mwana wanga. Ndiye vuto n'chiyani?"

Ndinawafotokozera. Anamwa tiyi wawo n'kunena kuti, "Ukanapita kusayansi mwina ukanalephera. Waona tsono kuti ndinakuthandiza? Tenga zauphunzitsi. Malo ndi ambiri, ndiponso n'zoyenera mtsikana."

Aphunzitsi enawo anangoyang'ana m'makapu mwawo. Ndinkafuna kukuwa, kugubuduza tebulo, koma ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sumukwezera mawu. Ndinachoka osatsanzika, ndipo kwa ine nthawi imeneyo kumeneko kunali kutukwana kwakukulu komwe ndikanatha.

Kunyumba ndinanena maganizo anga. Ndinkafuna kubwerera Folomu 3 pasukulu ina, ndiphunzire sayansi, ndilembenso mayeso. Nkhani yotere kwathu sithera pa abambo ndi amayi, choncho anaitana atsibweni, achimwene awo a amayi, omwe amagwira ntchito ya ukalaliki ku Limbe ndipo pabanja pathu ndiwo amatengedwa ophunzira. Anabwera Loweruka, anakhala pampando, enafe pamphasa.

"Iwe ukudziwa kuti ana a sukulu zoyendera amasankhidwa angati?" anandifunsa. "Malo amatengedwa ndi ana a sukulu zogonera, omwe ali ndi magetsi ndi mabuku. Iwe mwayi wakupeza, ndiye ukufuna kuutaya? Ukabwereza n'kupeza mapointi ambiri, tidzakuika kuti? Azing'ono ako nawonso akudikira. Ikapo zauphunzitsi poyamba, kumeneko sangakusiye."

"Atsibweni, si zimene ndikufuna."

"Kufuna n'kwa anthu olemera. Ife timatenga chomwe chilipo."

Chomwe chinkandipweteka n'choti atsibweni sankanama. Zonse zomwe ankanena zinali zoona. Amayi ankangolira chamumtima. Lolemba m'mawa abambo anavala malaya awo akutchalitchi n'kupita kusukulu okha, osauza munthu. Ankafuna kufunsa ngati pali njira yoti ndingolemba maphunziro awiriwo. Anawauza kuti adikire pabenchi panja pa ofesi. Anadikira m'mawa wonse, chipewa chili pamaondo, adepute akulowa ndi kutuluka powadutsa, mpaka belu loweruka linalira. Kenako wina anawauza kuti abwere tsiku lina. Atabwerera anangoti, "Ali ndi ntchito yambiri." Amene anandiuza zenizeni ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu. Zanga ndikanatha kupirira, koma za benchi zija zimandiwawabe ngakhale lero.

Ndinabwerera ku Namadzi n'kukaika zauphunzitsi pamwamba, masamu ndi Jogalafe. Patapita miyezi mayina anatuluka ndipo ndinali nditasankhidwa. Mnyamata uja naye anasankhidwa ku uinjiniya. Lamulungu kutchalitchi analengeza dzina langa, amayi a bungwe anaimba nthungululu, ena anandinyamula m'mwamba panja. Ndinkamwetulira kuti amayi anga asachite manyazi.

Sabata yotsatira kunabwera uthenga woti ahedi akundifuna ndikalankhule kwa ana asukulu pa asembule, ndikawalimbikitse. Ndinavomera msanga. Ana anafola pabwalo lomwe lija, ndipo amene anandionetsa kwa iwo anali adepute. Anandigwira paphewa.

"Uyu ndi chipatso chathu," anatero. "Ine ndi amene ndinamuongolera kuyambira ali Folomu 3. Atsikana, tengerani chitsanzo."

Ana anaomba m'manja. Ndinachotsa dzanja lawo paphewa panga n'kupita kutsogolo. Sindinakonzekere mawu okoma ayi. Ndinayang'ana mzere wa Folomu 2.

"Inu a Folomu 2, chaka chamawa akugawani. Akadzakuuzani kuti maphunziro ndi amodzimodzi, ndi bodza. Ine anandiuza choncho pasukulu pano. Ndinkafuna uinjiniya, ndinali nambala wani masamu, koma anandichotsa kusayansi ati chifukwa atsikana amatenga mimba. Onani, mimbayo ndilibe. Ndakhoza kuposa onse, koma kosi yomwe ndimafuna sangandilole ngakhale kufunsira. Musadikire kuti akuuzeni. Funsani lero kuti kosi yomwe mukuifuna imafuna maphunziro ati. Akakukanizani, kauzeni makolo anu abwere, ndipo asadzavomere kukhala pabenchi."

Kumbuyo mtsikana wina anaseka mwamantha, anzake n'kumutsina. Ahedi anaimirira msangamsanga, anandithokoza monga mlendo wawo chifukwa cha mawu anga, n'kulamula kuti aliyense alowe m'kalasi. Adepute sanandiyang'ane. Ndinatenga njinga n'kuikankha mpaka kumsewu.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Anthu ankati yunivesite yandilowa m'mutu ndisanapiteko n'komwe. Atsibweni anaimba foni ali ndi ukali, ati ndachititsa manyazi banja, ndipite ndikapepese mawa lomwe. Amayi anagwirizana nawo poopa kuti azing'ono anga adzavutika pasukulupo. Abambo anali panja akusema mpini. Anapempha foniyo.

"Alamu," anatero, "mwanayu wanena bodza pati?"

Sindinamve yankho la atsibweni, koma linali lalitali. Abambo anamvetsera lonse, kenako anati, "Ngati sananame, sapita." Anabweza foni n'kupitiriza ntchito yawo. Sindinawamvepo akutsutsa atsibweni pa nkhani ina iliyonse.

Ndikanakonda kunena kuti mawu anga anasintha zinthu. Makolo angapo anapitadi kukadandaula kukomiti ya sukulu, ndipo ndinamva kuti chaka chotsatira anagawa poyang'ana zotsatira. Koma pasanathe nthawi mphunzitsi wa sayansi uja anasamutsidwa, wina osabwera, ndipo kwa kanthawi panalibe mwana, mnyamata kapena mtsikana, amene anaphunzira Fizikisi pasukulupo. Adepute anakwezedwa kukhala ahedi pasukulu ina.

Ine ndinamaliza maphunziro anga ndipo ndikuphunzitsa masamu pasekondale ina yoyendera m'boma lathu lomweli, chakufupi ndi ku Nchema. Ntchitoyi sindidana nayo. Ana ndimawakonda, ndipo amati ndimaphunzitsa momveka. Koma anthu akamandiuza kuti zonse zinayenda bwino, kuti Mulungu anali ndi cholinga, ndimawayankha kuti amene analoza ndi chala pakhonde paja sanali Mulungu.

Chaka chatha ndinakumana ndi adepute aja pamsonkhano wa aphunzitsi kuboma. Akalamba, tsitsi layera. Ulendo uno anandizindikira. Anabwera manja ali kumbuyo n'kuuza omwe anali nawo kuti ndine mwana wawo, anandiphunzitsa okha. Anatambasula dzanja. Anthu ankayang'ana, choncho ndinawapatsa moni monga mmene munthu amapatsira moni wamkulu. Atafunsa ngati ndikusangalala ndi uphunzitsi, ndinawauza kuti pepani, gulu lathu layamba kale, n'kukakhala mbali ina ya holo.