Khutu la Mwini Mbumba

Ku Kapondo, kumene ndinakwatira, anthu akale amanditchulabe kuti mkamwini waulemu. Iwo amati akundiyamikira. Ine ndikamva mawu amenewa mtima umandiwawa, chifukwa ndimadziwa chimene ulemu wangawo unadya.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pa esiteti ina, kudula nkhuni zoumitsira fodya ndi sowo ya injini. Kapitawo amene anandiphunzitsa anali ndi chipsera chochokera pachibwano mpaka paphewa, ndiye sankavutika kufotokoza zambiri. Ankangoti gwira ndi manja awiri, chala chachikulu chizungulire chogwirira, ima chambali, usadule m'mwamba mopitirira chifuwa chako. Koma chachikulu, nsonga ya sowo isakhudze kanthu. Tcheni likaluma mtengo ndi kunsongako, sowo imaponya theche ngati bulu, ndipo imalunjika kumaso kwa woigwirayo asanaphethire n'komwe.

Kuntchito ndinali katswiri. Kumudzi ndinali mkamwini basi, wobwera, wolima munda wa eni. Mwini mbumba anali malume a mkazi wanga, ndipo omwewo anali wapampando wa chipani m'dera lathu. Makhadi a chipanicho ankagulitsa ndi iwo, maukwati ankathetsanso ndi iwo omwe. Mkamwini mnzanga anamupirikitsa chifukwa chowayankha ataimirira. Ine mkazi wanga ndinkamukonda, tinali ndi ana awiri, choncho mawondo anga anazolowera dothi.

Tsiku lina chimphepo chinagwetsa bulugamu wamkulu n'kutseka msewu, mawa lake kukubwera alendo a ku Boma kudzachititsa msonkhano. Apongozi anga, malume a mkazi wanga aja, anatumiza mawu kuti ndikabwereke sowo. Kapitawo ananyinyirika, koma masiku amenewo mtengo wotchinga alendo a chipani panalibe woukanira sowo.

Mudzi wonse unasonkhana kudzaona makina. Ndinaliza injini, ndinadula zigawo zitatu za thunthu, amayi n'kuyamba kululutira. Cholakwa changa chinali chomwecho: nthungululu zinapita kwa mkamwini, eni mudzi ali pomwepo. Ndinangoona apongozi akuvula jekete.

"Akamwini, tabweretsani kuno," anatero. "Ine mitengo ndinayamba kugwetsa inu musanabadwe."

Sankanama, koma ankagwetsa ndi nkhwangwa. Ndinawapatsa sowoyo ndi manja awiri, nditawerama, injini ikulira pang'onopang'ono.

Anaima moyang'anana ndi mtengo, sowo ili pakati penipeni pa nkhope, n'kuloza nsonga pa nthambi imene inali m'mwamba mwa phewa lawo, ngati akufuna kubaya nyama ndi mkondo. Zonse zimene kapitawo analetsa anazisonkhanitsa pamodzi, osasiyako ngakhale chimodzi. Ine ndinali pafupi, mapazi atatu okha. Ndikanatha kukuwa. Ndikanatha kuwakoka mkono. Koma mkamwini akalipire mwini mbumba pamaso pa mbumba yake? Awagwire thupi, wapampando wathunthu? Ndinayang'ana mkazi wanga ataima apo, mwana ali kumbuyo, ndipo ndinadziona ndekha pamsewu ndi kachikwama, ndikubwerera kwathu. Ndinachita mantha, sindibisa.

Ndiye ndinachita zoyenera. Ndinagwada, ndinaomba m'manja katatu, n'kuyamba bwinobwino: "Pepani bambo, ine ndine mwana, sindingakuphunzitseni, koma mukanalola kuti…"

Injini ikulira pafupi ndi makutu awo chotero, akanamva bwanji munthu wogwada? Iwo anakanikiza chala kuwonjezera moto, nsonga inaluma nthambi, sowo inadumpha. Chipewa chinagwera uko, eni ake kuno. Khutu lakumanzere linali litapita, tsaya litang'ambika mpaka m'munsi mwa diso. Ine ndinali chigwadire, manja ali pamodzi.

Tinawatengera kuchipatala cha ku Boma pa thirakitala ya pa esiteti. Tili panja kudikira, mkazi wanga anandifunsa motsitsa mawu: "Munadziwa kuti idumpha?"

"Ndinadziwa."

Sanafunsenso china, ndipo mpaka lero sanauze munthu.

Anachira, ngakhale kuti diso lija silinaonenso. Atabwerako anaitanitsa mbumba yonse, ine ndinali nditamangiratu katundu wanga. Ndinakhala pansi kudikira kupirikitsidwa. Iwo anandiloza ndi ndodo.

"Mwana uyu mwamuona? Zinthu zitavuta, ena mukuthawa, ena mukukuwa, iye anali atagwada. Akamwini enanu muzionera pamenepa."

Anthu anaomba m'manja. Tsiku lomwelo anandipatsa dimba la kudambo, limene akamwini anzanga ankangolilota.

Dimba limenelo ndinalima zaka zambiri, kabichi wake ankabereka bwino, ana anga anaphunzira nalo sukulu. Sowo ndinapitiriza kugwira, ndipo aliyense amene ndinamuphunzitsa ndinkamukalipira mopanda ulemu mpaka ena ankandida. Koma m'mawa uliwonse ndikapita kukapereka moni, apongozi ankatembenuza mutu pang'onopang'ono kuti anditchere khutu lotsala lija, ine n'kugwada monga mwa masiku onse.